Nsalu ya M'kati

Munthu wanga dzina lake ndi Che Likaka.
Sanabadwepo.
Ndinamutola Lachiwiri lina pa khonde la sitolo
moyang'anana ndi msika wa Zomba,
pomwe telala wina ankaseka buluku langa lokolopa pansi.
Ndinafika kunyumba ndi buluku lopinda bwino
komanso munthu wopanda mayi, wopanda mudzi,
wongodziwa kupalasa makina.

Ndinamukhazika pa tsamba loyamba.
Anangoti ndwii, ngati chidole cha pawindo la sitolo.
Ndikati yankhula, ankandibwezera mawu anga omwe.

Ndiye ndinakwera chitunda
kupita kosungira mapepala akale a boma.
A Chiwaula anandibweretsera mafayilo omanga ndi chingwe,
nati ndisanyambite chala potsegula.
Masabata atatu ndikuyetsemula.
Ndinapeza mtengo wa yadi ya kaki,
kalata ya mkulu wina wodandaula
kuti atelala atseka njira pa makonde,
ndi dzina limodzi lomwe njenjete inadya theka.
Ndinakopera zonse. Kope linadzaza.
Che Likaka sanaphethire n'komwe.

Ku Chinamwali, kuseri kwa ogulitsa makala,
kuli Abiti Saizi, amene mwamuna wawo anasoka zaka makumi atatu.
Ndinawafunsa chaka.
Anati, Chaka mukafunse a boma.
Ine ndikudziwa kuti mwendo wake wakumanja
unkapalasabe ngakhale ali m'tulo,
mpaka bulangete kugwa.
Ndikudziwa kuti ankalonjera ndi nsidze
chifukwa pakamwa pamakhala mapini.
Kenako anandituma kukatunga madzi,
poti mafunso anga anali atawachedwetsa.

Usiku umenewo Che Likaka anatsokomola.

Ndinam'patsa mayi wa ku Jali wogontha khutu limodzi.
Ndinam'patsa ngongole ya makina,
chipsera cha simbi pa dzanja,
ndi yunifolomu ya sukulu, ya mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri,
yolipiridwa kale,
yomwe mwini wake sanabwere kudzatenga
chaka chomwe Likangala anadzaza.
Izi palibe fayilo inandiuza.
Koma popanda fumbi lija, sindikanadziwa pozipachika.

Tsono dyera linandigwira.
Ndinathira zonse m'nkhani, mtengo wa kaki ndi kalata yomwe,
poti ndinazivutikira.
Mnzanga Tiyese anawerenga mu minibasi ya ku Songani,
nagona asanafike pa Matawale.
Podzuka anati, Achimwene, ili ndi buku la malisiti.
Munthu uja ali kuti?

Ndinakwiya masiku anayi.
Lachisanu ndinatenga sizasi.

Mayi wa ku Jali anatuluka.
Ngongole inatuluka.
Kalata ya mkulu uja ndinailira, koma inatuluka.
Mtsinje sindinautchule n'komwe.
Chatsala ndi ichi:
mayi wina afika ndi kamnyamata kudzayezetsa yunifolomu,
Che Likaka alavulira mapini m'dzanja,
ayang'ana kuphiri komwe chifunga chatsika,
nati, Mudzabwere naye potenga.
Basi.
Tiyese anawerenga kawiri, nafunsa,
Kodi bamboyu anaona chiyani?
Sindinamuyankhe.

Dzulo ndinatembenuza mwendo wa buluku lija.
M'kati muli nsalu yokwana zala zitatu,
yopindidwa, yosokedwa ndi ulusi wosafanana mtundu,
yomwe palibe adzaione pamsewu.
Telala uja sanaidule yonse.
Anati ndiyo imapatsa buluku kulemera
kuti ligwe bwino pa nsapato.

Kope lija lili pansi pa bedi, m'katoni ya sopo.
Nthawi zina usiku, mvula ikamagunda malata,
ndimamva kuchokera m'menemo
mwendo ukupalasa, ukupalasa,
ndipo ndimadzuka kukatola bulangete
la munthu amene sanabadwepo.